Pulani ya zaka 20 ingalembedwe bwanji pamene Chilwa imaphwa ikafuna?

Wa_ku_Kachulu:
Akuluakulu, komiti ya m'mbali mwa nyanja ikafuna kulemba pulani yofika 2045, iyambire pati? A zanyengo amangotiuza za dzinja limodzi. Zaka 20 munthu angazione bwanji popanda kuombeza ula?

Aphunzitsi_Chinamwali:
Achimwene, yambani ndi zimene zanyamuka kale ndipo sizibwerera. Choyamba ndi anthu. Kalembera wa NSO, nthambi ya boma yowerenga anthu imene ofesi yake ili konkuno ku Zomba, adapeza anthu 9.9 miliyoni mu 1998, 13.1 miliyoni mu 2008, ndi oposa 17.5 miliyoni mu 2018, kukwera ndi 2.9 peresenti pachaka kuyambira 2008. Gawani 70 ndi 2.9, mupeza 24: liwiro likapanda kusintha, pakatha zaka 24 anthu amakhala atachuluka kawiri. Ambiri amene adzafune munda ndi bwato mu 2045 abadwa kale.

Koma musatenge peresenti ya dziko lonse n'kuiika pamudzi wanu. Funani nambala za dera la mfumu yanu yaikulu. Komanso ana obadwa kwa mayi mmodzi akuchepa (5.7 mu 2010, 4.4 mu 2015-16), ndiye masamuwa muziwabwereza kalembera aliyense akatuluka.

NaChisi:
Madzi ndiye sawerengedwa choncho. Chilwa ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira zimene mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina yabweretsa, dzuwa n'kumamwako. Idaphwa mu 1968, 1995 ndi 2018. Wina aona mipata ya zaka 27 ndi 23 n'kunena kuti tipuma mpaka cha m'ma 2040. Ayi ndithu. Nyanja sitsata kalendala, imatsata mvula ikavuta zaka zotsatizana.

Chochita n'kulemba tsogolo zingapo. Sankhani zinthu ziwiri zazikulu zimene palibe akudziwa kumene zilowere, mwachitsanzo madzi (ambiri kapena ochepa) ndi msika wa mpunga ndi matemba (wabwino kapena wakugwa). Jambulani mtanda papepala, mupeza zigawo zinayi. Chigawo chilichonse chipatseni dzina ndi nkhani ya tsamba limodzi: ndani akudya, ndani akusamuka, mkangano wabuka pati. Kenako ganizo lililonse la komiti muliyese m'zigawo zonse. Injini ya bwato ya ngongole ipindula m'chigawo chimodzi, mwina ziwiri. Nkhokwe, mbuzi ndi banki mkhonde zimapirira pafupifupi monse, ndiye ndalama ziyambe kupita kumeneko. Kampani ya Shell idagwiritsa ntchito njira yomweyi mitengo ya mafuta isanakwere mu 1973.

Pamene anthu amagwa ndi apa: amasankha chigawo chokoma n'kuchitcha masomphenya, zitatu zija n'kuziika m'kabati. Musaiwalenso madzi osefukira; namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 tonse tikumukumbukira.

Wa_ku_Kachulu:
Zamveka achemwali. Vuto ndi pamsonkhano: amfumu akayankhula, onse amangoti eya.

Mlangizi_Domasi:
Musawafunsire pabwalo. Pali njira yotchedwa Delphi, idayambira ku bungwe la kafukufuku la RAND ku America. Tengani anthu 10 mpaka 15 osiyana ntchito: asodzi akale, amayi ogula nsomba, alimi a m'sikimu, achinyamata. Aliyense mumfunse payekha mafunso omwewo. Mayankho muwaphatikize osatchula maina, muwabwezere kwa onse, aliyense asinthe kapena anene chifukwa chokanira. Kawiri kapena katatu basi, kupitirira apo anthu amatopa n'kungovomera. Amene watsalira yekha pa maganizo ake musamufufute, lembani chifukwa chake.

Mukatero ikani zizindikiro. Zikani mtengo padoko, muudinde mizere masentimita 10 aliwonse, munthu mmodzi azilemba m'kope tsiku loyamba la mwezi. Lembaninso mwezi umene Likangala wasiya kufika kunyanja. Ndipo mugwirizane lero, madzi akadalipo, kuti akatsika kufika pa mzere wakuti m'mwezi wa Meyi, ngongole za maukonde ziima chaka chimenecho.