Ndalama zotsala pa denga la sukulu: holo ya zisudzo kapena mjigo?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Monga tinanenera pa msonkhano Loweruka lija, ndalama zotsala titamaliza denga la sukulu zikufunika tigwirizane zopita nazo. Maganizo alipo awiri, mjigo wachiwiri kumsika kapena kukonza shedi yakale ya fodya ija ikhale holo yoti achinyamata azichitiramo zisudzo. Mfumu yavomera kale za shediyo. Tiyeni tikambirane mwaulemu, za ndale ayi chonde.

A Jere: Ine ndiye sindikuona chokambirana apa. Madzi ndi moyo. Amayi akuima pa mzere kuyambira 4 koloko m'mawa inu mukuti timangire ana nyumba yochitiramo nthabwala? Nthabwala amadya? Ndani analemerapo ndi kuseketsa anthu

Kondwani wa ku Joni: Malemu Mr Bean kkkk

Nambewe UK: Ase Kondwani munthu ali moyo uyu usamuphe. Zija za pa Facebook zoti wamwalira pa ngozi ndi bodza, zimabwera chaka ndi chaka anthu kumangosheyala osafufuza. Mu 2022 anatulutsa filimu ina pa Netflix akulimbana ndi njuchi nyumba yonse kuphwanya

Kondwani wa ku Joni: Pepani achemwali ndamudzutsa

A Jere: Mr Bean wakeyo ndi wozerezeka uja wa kagalimoto kobiriwira? Ameneyo ndiye chitsanzo choti ana athu atengere?

Aphunzitsi Banda: A Jere pamenepo ndiloleni ndilowepo pang'ono chifukwa mwagunda pomwe ndimapakonda. Munthu mukumutcha wozerezekayo dzina lake ndi Rowan Atkinson, anabadwa pa 6 January 1955 ku Consett kumpoto kwa England, bambo ake anali mlimi ngati ife tomwe ngakhale ulimi wake si wa khasu ayi. Anali chitsiriza m'banja la anyamata okhaokha. Sukulu anapita nayo patali, digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ku Newcastle kenako masters ku Oxford. Ndiye mukamuona akulowetsa mutu mu nkhukundembo paja dziwani kuti ndi injiniya amene uja. Ku Oxford komweko ndi kumene anakumana ndi Richard Curtis amene anadzakhala mnzake wolemba naye masewero. Ndipo chimene chimandigwira mtima ine monga mphunzitsi n'choti mnyamatayu anali ndi chibwibwi. Ndaphunzitsa zaka zambiri, mwana wachibwibwi m'kalasi mwathu muno timamukhazika kumbuyo, anzake kumuseka, ife aphunzitsi kumudumpha pofunsa mafunso poopa kuchedwa. Uyu anapeza pothawira pa siteji.

Mayi a Chisomo: Aphunzitsi mbiri yabwino koma ine monga msungichuma ndikufuna manambala. Shedi ija ilibe zitseko, pansi ndi dothi, malata ena anapita ndi mphepo ya chaka chatha. Anyamata atipatse kotesheni osati nkhani za azungu

Mphatso: Zikomo amayi, kotesheni ndili nayo ndiponya madzulo ano ikangolowa netiweki yabwino. Sitikupempha zambiri, simenti ya pansi, zitseko ziwiri, malata 18, mabenchi ndi kasiteji ka matabwa. Pano timayeserera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mvula ikabwera basi tabalalika. Komanso pamtetete sungalipiritse munthu, aliyense amangoima n'kuonera ulele

Nambewe UK: Mayi a Chisomo mwati manambala, nawa. Mr Bean ija tinkaiona ngati ilibe mapeto ija ndi magawo 15 okha. Inayamba pa 1 January 1990 pa ITV n'kutha mu December 1995. 15 basi! Ife tinkangobwereza omwewo osadziwa. Koma kuchokera pa 15 amenewo panatuluka filimu ya 1997 yomwe inapanga ndalama zoposa 250 miliyoni dollars, ina mu 2007, katuni ya ana kuyambira 2002 yomwe ana anga kuno amaonera mpaka ndimachita kuwalanda rimoti. Munthuyu anali ndi galimoto ya mtundu wa McLaren F1, anachita nayo ngozi kawiri, ya 2011 a inshuwalansi analipira mapaundi 910,000 kukonzetsa kokha. Kenako mu 2015 anaigulitsa, manyuzipepala kuno ankati pafupifupi mapaundi 8 miliyoni. Galimoto yoti yagundapo mtengo. Ine ndimagwira ma shifiti a usiku kusamalira okalamba ndikawerengetsa zimenezi mutu umandiwawa

Kondwani wa ku Joni: Pomwe pa TV akuyendera ka Mini kotseka ndi loko wa pa chitseko cha bafa kkkkk

A Jere: Zonsezo ndi za ku England. Kuno ndi kuno. Tinali ndi Izeki ndi Jakobo dziko lonse linkagwa ndi phwete, munaona McLaren?

Yohane: Apa madala anena zoona ngakhale zikuwawa. Ine ndinawaonerapo a Kwathu Drama Group pa French Cultural Centre ku Blantyre ndili mnyamata, holo yodzaza anthu ena kukhala pansi. John Nyanga, Izeki uja, akangotulukira chabe asanayankhule anthu ayamba kale kuseka. Anatisiya mu 2016, mnzake Eric Mabedi, Jakobo uja, mu 2021. Mayina aakulu zedi, mwana aliyense ankawadziwa. Koma ma DVD awo tinkagula kuti? Tinene chilungamo. Pa msika kwa anyamata obena, ine ndemwe ndinali nawo asanu onse obena ndipo palibe tambala yanga inafika kwa eni ake

Aphunzitsi Banda: Yohane wafika pamutu pa nkhani. Kusiyana kwa Mr Bean ndi athuwa si luso ayi, ine ndinganene kuti Izeki pakamwa ankamuposa kutalitali. Kusiyana n'koti uja ntchito yake anaijambula kamodzi, mwaukadaulo, pali mapepala osainirana, ndiye wailesi ya kanema iliyonse padziko ikafuna kuonetsa imalipira. Munthu ali mtulo ndalama zikulowa. Athuwa amayenera akwere basi, akafike ku Mzuzu, atuluke thukuta pa siteji ndiye adye. Akadwala zaima. COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ilipo inde, lamulo latsopano la zokopera linabwera 2016, koma munthu wobena pa memori kadi kumsika kwathu kuno anayamba wamuonapo ndani akufunsidwa chiphaso.

Chinanso, uja anasankha kusayankhula. Mu 1987 sewero la Mr Bean lisanayambe n'komwe pa TV anapita ku chikondwerero cha nthabwala ku Montreal ku Canada n'kukakamira kuti amuike pa pulogalamu ya anthu oyankhula French, dala, kuti aone ngati anthu osamva chinenero chake angaseke. Anaseka. N'chifukwa chake agogo anga omwe sankadziwa ngakhale good morning ankagubuduka naye pa mphasa. Nthabwala za Izeki ndi Jakobo zili m'Chichewa chenicheni, kukoma kwake n'komweko komanso malire ake ndi omwewo, zimathera ku Chipata ndi ku Tete.

Kondwani wa ku Joni: Koma aphunzitsi musaiwale Manganya wa Tikuferanji anafika mpaka pa wachiwiri kwa pulezidenti mu 2024, ndiye zisudzo zimafikitsa patali

Mlembi: Kondwani ndanena kale za ndale

Kondwani wa ku Joni: Ndangotchula mbiri bwana mlembi, ndatseka pakamwa

Mayi a Chisomo: Ndiye ngati akatswiri enieni aja zinkawavuta chonchi, a Mphatso ndi anzawo holoyi iwapindulira chani? Mukundithandiza kutsutsa inu. Ine mtima wanga uli ku mjigo, ndisabise. Mjigo wakumsika uja ukathyoka anthu amakatunga kudambo komwe kumamwa ng'ombe ndipo kolera ya 2022 mpaka 2023 sitinaiwale tonse

Nambewe UK: Za kolera palibe angatsutse amayi. Koma pali kanthu kakundisowetsa mtendere ndinene ndisanene? Amalume a Jere mundikhululukire. Mr Bean ife tinamudziwira kuti? TVM inayamba 1999 ndipo kwathu kunalibe ndi magetsi omwe. Tinkamuonera mu vidiyo sho ya ndani?

Kondwani wa ku Joni: Eeeeh kkkkkkk yagwa nkhani

Yohane: Kuseri kwa chigayo! Chinsalu chakuda pakhomo, sipika panja pa mtengo, jenereta ikulira ngati thirakitala. Ndimakumbuka bolodi lolemba ndi choko, masana Mr Bean usiku karate. Tinkagulitsa mbewa kuti tipeze ya pakhomo ndipo amene analibe ankasuzumira pa kabowo ka khoma mpaka mwini wake anadzamata ndi dothi

Nambewe UK: Ine anandikwapulapo ndi kamtengo ka pichesi pa kabowo kameneko ndili sitandade 4, chipsera mumtima chilipobe amalume kkk

A Jere: Ana inu mulibe ulemu

A Jere: Chabwino. Inali yanga inde. Tepi imeneyo anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Harare, inali yojambulidwa pa ina, chithunzi chake chonjenjemera. Ndinaionetsa mpaka inadukira mu deki ndinailumikiza ndi selotepi kawiri konse. Pamene pali selotepi pankadumpha, ana ankakuwa kuti bwezani bwezani. Sindikana, inandithandiza. Malata a golosale ija theka lake anachokera pamenepo

Kondwani wa ku Joni: Ndiye funso lanu lija loti ndani analemerapo ndi nthabwala yankho lake ndi inu nomwe madala

A Jere: Ine sindinkachita nthabwala ine. Ndinkakhala pakhomo ndi mbale ya ndalama

Aphunzitsi Banda: Ndi zomwezotu a Jere! Mwanena bwino kuposa ine ndi ndime zanga zitalizitali. Ndalama ya nthabwala imadyedwa ndi amene wagwira chitseko. Kwa Mr Bean chitseko chake ndi mapepala aja, kwa inu chinali chinsalu chakuda. A Mphatso pansi pa mango alibe chitseko chilichonse.

Mayi a Chisomo: Ndiye chitsekocho agwire ndani? Chifukwa ndikuona kale mkangano. Tikonza ndi ndalama za gulu, mawa wina azidzati holo ndi ya achinyamata, wina ya mfumu poti malo ndi ake, wina azidzachititsamo ukwati ndalama n'kulowa m'thumba. Zinachitika ndi njinga ya ambulansi ija mpaka lero sitidziwa ili kwa ndani

Mphatso: Amayi ife tinakambirana kale. Makiyi akhale kwa komiti osati kwa ife. Tsiku la sewero ya pakhomo tigawane pakati, theka gulu theka osewera. Masiku ena muzibwereketsa ku maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mabungwe, ngakhale mpira wa pa TV Loweruka. Theka la gulu lizisungidwa pa akaunti ya mjigo. Komanso tikufuna tizijambula masewero athu, foni yabwino ilipo ya mnzathu, chikusowa ndi malo oti mphepo ndi mbuzi zisamalowe mu vidiyo. Ulendo watha tambala analira pakati pa sini ya maliro anthu m'makomenti ankangokamba za tambalayo

Nambewe UK: Kkkk tambalayo mulembeni ntchito. Koma zoona Mphatso mukamajambula lembani pansi kuti sewero walemba ndani, ajambula ndani, mwini wake ndani, musainirane ngakhale mu kope la sukulu. Zimaoneka zachibwana pano poti palibe ndalama, tsiku ikadzabwera mudzadana. Ndipo yesaniko tina tosayankhula ngati Mr Bean. Pa mwambo wotsegulira Olympics ku London 2012 anangokhala pa kiyibodi kudina kabatani kamodzi komweko, kuyang'ana wotchi, kuyetsemula, dziko lonse kuseka osanena liwu ndi limodzi lomwe

Yohane: Koma tisathamange abale. Mjigo ukudikira ndalama ya pakhomo ya zisudzo udzakumbidwa chaka chanji? Anthu akwathu kulipira K500 kuti aonere ana omwe amawaona ulele tsiku lililonse pa chigayo, ine ndikukayika. Bwanji tione kaye kotesheni, mwina shediyo itha kutheka ndi zochepa, zitseko ndi malata basi, simenti idikire. Zotsalazo tiyambire dipoziti ya okumba mjigo ndipo ife a kunja tiwonjezere kangachepe mwezi uno

Kondwani wa ku Joni: Ine R500 ndaika koma ikhale ya chitseko, ndipo pa chitsekopo pabooledwe kabowo ka ana osowa ya pakhomo

Mayi a Chisomo: Kondwani uyambe wamaliza ya miyezi itatu ili m'bukuyi kenako tikambe za kabowo. Mphatso kotesheni ifike lero, ndipo ndikufuna ya mahadiweya awiri osiyana osati imodzi. Ya mjigo ndifunsa ndekha ku boma Lachiwiri

A Jere: Ine maganizo anga sanasinthe, mjigo poyamba. Koma mabenchi musawaike mu bajeti. A mu vidiyo sho aja alipo 9 ali kuseri kwa golosale, awiri chiswe chinadya miyendo koma enawo ndi a mlombwa sanagwedezeke. Mphatso ubwere ndi ngolo udzatenge, ubwere wekha osati kutuma ana

Mphatso: Zikomo kwambiri agogo ndifika mawa ndikaweruka kumunda

Nambewe UK: Amalume nanga tepi ija ilipo?

A Jere: Ilipo mu sutikesi. Deki ndi imene inafa

Mlembi: Chabwino, voti tiponya Lamlungu madzulo makotesheni onse akafika. Amene sanalipire ya mwezi uno savota