Mapemphero a pabanja akutikanika, tiyambire pati?

Amake Dalitso, Chawama
Moni nonse a pagulu pano. Ine ndimagulitsa ku Soweto Market mu Lusaka, kunyumba ndimafika cha m'ma 18:30. Bambo a kunyumba ndi dalaivala wa minibasi, amalowa 21:00 itadutsa. Ana alipo atatu, wa zaka 15, wa 9 ndi wa 4. Tikati tiwadikire bambo awo kuti tipemphere limodzi, wamng'ono amakhala atagona kale, wapakati akusinza, wamkulu maso ali pa foni. Magetsi akathima ndiye zimathera pomwepo. Chinanso, pemphero la anawa ndi lomwelomwelo tsiku ndi tsiku: mutipatse, mutiteteze, amen. Kuyamika kulibe. Ine ndine wa mpingo wa RCZ (Reformed Church in Zambia), bambo ndi Akatolika. Ndithandizeni, tizipemphera nthawi yanji, kwa mphindi zingati, tiziwerenga chiyani, nanga mwana amaphunzitsidwa bwanji kuyamika?

A Phiri, mkulu wa mpingo, Matero
Amayi, choyamba lekani kudikira bambo. Pempherani mukangotha kudya nsima ya madzulo, mbale zisanachotsedwe. Nthawi imeneyo aliyense amakhala ali pansi kale, ndipo mwana wokhuta samavuta. Mukangolola kuti wina akatsuke mbale kaye, wina akasambe, simuwasonkhanitsanso.

Mphindi 10 mpaka 12 zakwana. Yambani ndi nyimbo imodzi, ndime imodzi ndi kolasi basi. Kenako wamkuluyo awerenge mavesi 6 mpaka 10. Mufunse funso limodzi lokha, monga "Yesu wachita chiyani pamenepa?", ndipo ayambe kuyankha ndi wamng'ono, chifukwa akayamba wamkulu enawo amangobwereza. Zikatero aliyense ayamike, munthu mmodzi apereke zopempha za banja lonse, mutseke ndi Atate Athu.

Musayambire ku Genesis n'cholinga chomaliza Baibulo lonse. Mabanja ambiri amagwera pa Levitiko. Yambani ndi Maliko: machaputala ndi 16, nkhani zake n'zazifupi, ndipo pafupifupi iliyonse imatha pa tsiku limodzi. Ukafika mwezi wa Disembala tengani Luka, machaputala ake 24 amakufikitsani pa 24 Disembala, koma pa chaputala chilichonse muzisankhapo nkhani imodzi chifukwa ena ndi aatali.

Chimene chimapha mapemphero a m'nyumba kwambiri ndi ichi: kholo kudzudzula mwana kudzera m'pemphero. "Ambuye, mumuthandize uyu asiye ulesi ndi bodza," abale ake akumva. Mwana amayamba kuona nthawi ya pemphero ngati bwalo la milandu, ndipo mawa adzanamizira mutu. Mlandu muzikamba nthawi ina, muli awiri.

Bambo muwapatse Lamulungu madzulo kuti azitsogolera ndi iwo. Masiku enawo bambo akafika kunyumba, inu awiri mupemphere mphindi ziwiri chakudya chawo chili patebulo.

Anatembo, mphunzitsi wa Sande sukulu, Kalingalinga
Ine ndiyankhepo za kuyamika. Mwana ukamuuza kuti "thokoza Mulungu" amanena zimene anamva kwa akulu: moyo, chakudya, pogona. Sikuti akulakwa, koma sanaganizepo. Ikani malamulo awiri. Loyamba, chinthu choyamikacho chikhale cha lero, chokhala ndi dzina la munthu kapena malo. Lachiwiri, chisakhale chimene wanena dzulo. Akati "chakudya", mufunseni kuti chiti. Akati chitumbuwa chimene mnzake anamugawira pa buleki, ayamike chimenecho ndipo amutchule mnzakeyo. Wa zaka 4 musamufunse kuti ukuyamika chiyani, mufunseni kuti "wakuchitira zabwino ndani lero?" Akayankha, inu munene chiganizo chachifupi, iye abwereze. Inunso amake Dalitso muzitchula zenizeni: kasitomala amene anabweza chenji chimene munamupatsa mopitirira, basi imene munaipeza msanga mvula isanayambe. Ana amatengera kukula kwa zimene kholo latchula.

Pa sabata kamodzi gwiritsani ntchito Salimo 136. Lili ndi mavesi 26, ndipo vesi lililonse limatha ndi mawu akuti "pakuti chifundo chake n'chosatha". Mmodzi awerenge theka loyamba la vesi lililonse, nonse muyankhe mawuwo. Mukafika vesi 9 tsekani Baibulo, aliyense apange mzere wake: "Amene anachiza agogo malungo," nonse muyankhe chimodzimodzi. Ngakhale wamng'onoyo amakwanitsa, ndipo sizifuna kuwala.

Gulani kope la sukulu, tsamba lililonse mulidule pakati ndi mzere. Kumanzere muzilemba chopempha ndi deti lake, kumanja deti limene yankho labwera ndi mmene labwerera. Alembi akhale wa zaka 9. Lamulungu lomaliza la mwezi muziwerenga mbali yakumanja yokha. Popanda kope, fizi ikapezeka banja limangothamangira vuto lotsatira, ngati akhate 9 aja a pa Luka 17 amene sanabwerere.

Tsiku la maliro kapena la malonda oipa musakakamize ana kusekerera. Werengani Salimo 13, mavesi 6 okha. Limayamba ndi kudandaula kuti Mulungu waiwala, n'kutha ndi kuimba. Mwana adziwe kuti kulira pamaso pa Mulungu n'kololedwa.

Mlongo Grace, Kanyama
Amayi, za mphindi 10 n'zochepa. Muzidzutsa banja lonse pakati pa usiku, mupemphere ola lathunthu, Lachisanu lililonse musale kudya nonse. Nkhondo ya pabanja imamenyedwa usiku.

A Phiri, mkulu wa mpingo, Matero
Mlongo, kudzuka usiku ndi kusala n'zabwino kwa wamkulu amene wasankha yekha. Koma bambowa amadzuka kusanache kukanyamula anthu pa msewu, ndiye tulo tawo ndi chitetezo cha okwera. Mwana wa zaka 4 sasala kudya, ndipo wa sukulu wodzutsidwa pakati pa usiku amakagona m'kalasi. Pa Mateyu 6:7 Ambuye anachenjeza za kuganiza kuti timvedwa chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Banja liyambe ndi zimene lingakwanitse mwezi wonse.

A Zulu, katekisiti, Mtendere
Za mipingo iwiriyo zisakudetseni nkhawa amayi. Pa nthawi ya banja gwiritsani zimene nonse muli nazo: Masalimo, Uthenga Wabwino ndi Atate Athu. Mawu a Atate Athu amasiyana pang'ono pakati pa Akatolika ndi a RCZ, choncho gwirizanani kuti m'nyumba muzinena ati, ana asamasokonezeke pakati pa pemphero. Baibulo labwino kwa inu ndi Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira limodzi. Chinyanja chake n'chosavuta kwa ana kusiyana ndi Buku Lopatulika la 1922. Nyimbo muzisinthana, lero ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, mawa ya ku Misa.

Bambo akafuna Kolona, chigawo chimodzi, Atate Athu mmodzi ndi Tikuoneni Maria 10, chimatenga mphindi zitatu kapena zinayi. Angathe kunena ali pa siteshoni podikira kuti basi idzaze, osati akuyendetsa. Usiku asanagone angatsate njira yopempherera ya Ignasio wa ku Loyola, woyera wa Akatolika: kukhala chete pamaso pa Mulungu, kuyamika, kuliyendanso tsiku lonse m'maganizo kuyambira m'mawa, kupepesa pamene analakwa, ndi kupempha thandizo la mawa. Kuyamika kumabwera kulapa kusanafike, ndipo dongosololi musalitembenuze, chifukwa munthu wotopa akayamba ndi zolakwa zake amagona ndi mtima wolemera.

Za magetsi: Baibulo la pa foni mulikopere pasadakhale kuti lizitseguka popanda bando, ndipo foniyo izikhala pa flight mode, apo ayi uthenga umodzi wa WhatsApp umutenga wowerengayo. Lowezani Salimo 23, 121 ndi 117 (ili lili ndi mavesi awiri okha) kuti mdima usamakulepheretseni. Kandulo ikhale patali ndi makatani ndi neti. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musapemphere mutatseka zitseko ndi mawindo mbaula ili m'nyumba, utsi wa makala umapha mwakachetechete.

Amake Dalitso, Chawama
Zikomo kwambiri nonse, kope ndigula mawa. Koma wamkuluyu amakana kupemphera mokweza, amati amachita manyazi komanso Chinyanja chozama chimamuvuta. Ndimutani?

Anatembo, mphunzitsi wa Sande sukulu, Kalingalinga
Musamukakamize, ndipo ang'ono ake asamuseke. Mpatseni ntchito yowerenga ndi kusankha nyimbo, zimenezo ndi gawo lake lokwanira. Chinthu choyamika angathe kulemba pa kapepala, inu n'kuwerenga m'malo mwake. Akadzayamba kulankhula yekha, muloleni asakanize Chinyanja cha mu Lusaka ndi Chingerezi mmene amalankhulira ndi anzake, ndipo musamukonze mawu pemphero lili mkati. Mavesi a tsikulo muzimuuza m'mawa kuti awaoneretu, chifukwa nthawi zambiri manyaziwo amachokera pa kuopa kupunthwa pa mayina ovuta abale ake akumvetsera.