Kuchoka pa mita ya kiyi kupita ku direct debit kuno ku UK

Nabanda_Luton:
Moni nonse. Nyumba ya lendi imene tikukhala ili ndi mita ya magetsi ya kiyi ndi ya gasi ya khadi, zonse zothirira mayunitsi m'mashopu a PayPoint. Tikufuna tizilipira pamwezi kudzera ku banki. Timayambira pati, ndipo landilodi angatiletse? Nanga zoti direct debit ndiyotchipa n'zoona?

Mwale_Leeds:
Anabanda, ikanakhala smart meter, mita yamakono yolumikizana yokha ndi kampani ya magetsi ndi gasi, bwenzi kampani itangosintha ili kuofesi komweko, popanda munthu kubwera. Koma za kiyi ndi khadi ndi zakale, ndiye pafunika injiniya adzazule n'kuika zina, ndipo masiku ano amaika smart meter. Kawirikawiri salipiritsa, komabe funsani musanapangane tsiku. Tsikulo pakhale munthu wamkulu panyumba, chifukwa amathimitsa magetsi ndi gasi kwa kanthawi ndipo pomaliza amayesa boila ndi kuka.

Musanaimbe foni, dinani batani la pa mita kangapo muone masikirini onse, chifukwa ina imasonyeza ngongole ndi ndalama imene ikudulidwa pa sabata. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Ngati mukugwiritsa ntchito kiyi amene munamupeza m'nyumbamo, mwina mukubweza ngongole ya amene anatuluka. Auzeni tsiku limene munalowa, muwatumizire kope la mgwirizano wa lendi, aichotse ngongoleyo. Ngati ndi yanu, makampani ambiri safuna kukusinthani musanaimalize. Mukhoza kusamukira nayo ku kampani ina ikakhala yosapitirira £500 pa magetsi ndi £500 pa gasi, koma mumapitabe ndi mita yothirira.

Mukamaimba khalani ndi nambala ya akaunti, MPAN ndi MPRN (nambala zozindikiritsa magetsi ndi gasi a panyumba panu; MPAN ndi ya magetsi ndipo ili ndi manambala 13, MPRN ndi ya gasi), komanso sort code ndi nambala ya akaunti ya ku banki. Adzakuchitani credit check, kutanthauza kufufuza mbiri yanu yobweza ngongole, ndipo ikapanda kuyenda bwino angapemphe dipoziti. Kampani iliyonse ili ndi mlingo wake, choncho wina akakana yesani wina.

Za landilodi: ngati bilu ili m'dzina lanu, kusintha mita ndi ufulu wanu. Muwadziwitse polemba, ndipo werengani mgwirizano, chifukwa ena amafuna mudzabwezeretse mita yothirira potuluka.

MaiPhiri_Notts:
Zoti ndiyotchipa zija zinali zoona kale, achemwali. Kuyambira mu Julaye 2023 boma linachotsa kusiyana kuja, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, inalinganiza standing charge (ndalama yokhazikika ya tsiku lililonse) ya njira ziwirizi. Pa price cap, malire a mitengo amene Ofgem imaika, lero mitengo yake ili pafupifupi chimodzimodzi, nthawi zina yothirira imatsikako pang'ono. Yodula ndi ija yodikira bilu ifike kenako n'kukalipira, imeneyo musaivomere. Phindu lenileni la direct debit ndi loti mumapeza ma fixed tariff (mitengo yosasintha kwa nthawi imene mwagwirizana) ambiri oti musankhe, ndiponso magetsi sathima usiku chifukwa choti mayunitsi atha.

Koma mvetsani mmene amawerengera. Amayerekeza zimene mugwiritse ntchito chaka chonse, n'kugawa ndi 12. Tinene kuti apeza £1,800, ndiye kuti £150 mwezi uliwonse. Mu Julaye mwina mugwiritsa ntchito za £80 zokha, mu Januwale za £240, ndipo zotsala za nyengo yotentha n'zimene zimalipira nyengo yozizira. Choncho nthawi yabwino yoyambira ndi Epulo kapena Meyi. Mukayamba mu Novembala mumalowa m'ngongole mwezi woyamba womwe, ndipo posakhalitsa amakukwezerani.

Akakhala kuti alibe mbiri yanu nthawi zina amatenga muyezo wa Ofgem wa nyumba yapakatikati, umene mu 2024 unali 2,700 kWh ya magetsi ndi 11,500 kWh ya gasi pachaka. Nyumba yakale ya mawindo a galasi limodzi, yokhala anthu asanu, idzapitirira pamenepo kutali. Wonkhetsani malisiti anu a PayPoint a chaka chathachi muwapatse chiwerengero chenicheni. Kupempha kuti akutsitsireni ndalama ya pamwezi kumakoma lero, koma ngongoleyo imangobisala. Tinazolowera mayunitsi a ESCOM, oti akatha basi atha. Apa palibe chimene chimalira kukuchenjezani.

Tsiku losintha jambulani mita yakale kuonetsa chiwerengero ndi ndalama yotsala, ndiponso yatsopano ikangoikidwa. Ndalama yotsalayo ndi yanu, aiike ku akaunti. Smart meter ikasiya kutumiza yokha chiwerengero ku kampani, monga zimachitikira ikakhala m'chipinda chapansi kopanda netiweki, tumizani nokha mwezi uliwonse, apo ayi mabilu adzakhala ongoyerekeza.

Gondwe_Glasgow:
Ndiwonjezereko za ku banki. Sankhani tsiku lodula likhale masiku awiri kapena atatu malipiro atalowa. Ogwira ntchito ya care amene amalandira pa masabata anayi asamale, chifukwa tsiku lawo lolandirira limasuntha mwezi ndi mwezi. Direct debit ikabwerera kangapo angakuchotseni n'kukuikani pa mtengo wodula uja, ndipo kuchedwa kulipira kungalembedwe pa credit file yanu, imene ndi mbiri yanu ya ngongole.

Direct Debit Guarantee, lonjezo la mabanki loteteza olipira pa direct debit, imati akafuna kusintha ndalama kapena tsiku akudziwitseni pasadakhale, kawirikawiri masiku 10 ogwira ntchito, ndipo akadula molakwika banki yanu imakubwezerani yonse nthawi yomweyo. Sizichotsa ngongole ngati ilipodi. Palinso lamulo loti ngati kampani ndiyo inalakwitsa mabilu, singakulipiritseni za kupitirira miyezi 12 m'mbuyo.

Kwa amene abwera kumene, credit check imakanika kawirikawiri chifukwa mbiri palibe, osati kuti ndi yoipa. Amalawi ndi a ku Zambia okhala ndi chilolezo chokhala kuno angalembetse m'kaundula wa ovota ngati nzika za Commonwealth, ndipo izi zimathandiza Experian, Equifax ndi TransUnion, makampani osunga mbiri ya ngongole, kutsimikiza adiresi.

Nabanda_Luton:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga akamangozengereza osabwera?

Gondwe_Glasgow:
Lembani dandaulo pa imelo, mulitchule kuti ndi complaint, ndipo sungani tsiku. Pakatha masabata 8 osakonza, kapena akakupatsani deadlock letter (kalata yonena kuti palibenso china angachite), pitani nalo kwa Energy Ombudsman, bungwe loima palokha loweruza madandaulo otere, n'kwaulere. Pakadali pano pitirizani kuthira, chifukwa standing charge imawerengedwa tsiku lililonse ngakhale gasi musakuyatsa.