Mkonzi akufuna mutu woti China yalanda Indian Ocean, ndimuyankhe bwanji?

NaPhiri, Yeoville: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Ndikukonza pulogalamu ya mawa ya nkhani zakunja, ndipo mkonzi akufuna ndiyambe ndi mawu oti China tsopano ndiye mwini wake wa Indian Ocean. Umboni wake ndi woti dzikoli lili ndi sitima zankhondo zambiri kuposa lina lililonse, kuphatikizapo zija zinabwera ku Durban ndi Richards Bay mu February 2023 pa zoyeserera nkhondo zapanyanja zotchedwa Mosi II. Mtima wanga ukukana, koma pogwira ndilibe.

aBanda, Randburg: Pa kuchulukapo musamutsutse mayi, akunena zoona. Lipoti la 2023 la Pentagon, likulu la zachitetezo ku America, linati zapitirira 370, pomwe za America sizifika 300. Mufunseni kuti mwa zimenezo ndi zingati zimapita kutali. Zambiri zimakhala pakhomo, chifukwa maso a Beijing ali pa Taiwan ndi South China Sea. Kuti zituluke kupita ku Pacific zimadutsa m'mipata ngati wa Miyako ndi wa Bashi, pamaso pa Japan, Taiwan ndi Philippines. Kubwera kuno ku Indian Ocean njira yachidule ndi ya mpata wa Malacca, yopapatiza, yosavuta kuilondera.

aGondwe, Kempton Park: Achemwali, nkhani yonse ili pa mafuta ndi pokonzera. Ku Mosi II China inabweretsa sitima zitatu: Huainan, Rizhao ndi Kekexilihu. Yachitatuyo si yomenyera nkhondo, ntchito yake ndi kusenzera zinzakezo mafuta, madzi ndi chakudya. Ndipo zinali za gulu lolondera mbava zapanyanja ku Gulf of Aden, ntchito yomwe China yakhala ikugwira kuyambira December 2008. Kawirikawiri gulu lililonse limakhala chomwecho, ziwiri zankhondo ndi imodzi yoperekeza.

Taganizani basi yochoka ku Park Station kupita ku Blantyre. Ikhale yatsopano bwanji, ngati panjira palibe pomwetsa dizilo kapena makanika woidziwa, Beitbridge ikhoza kuwoloka koma ku Mwanza osafika. Kampu yomwe China inatsegula ku Djibouti mu 2017 ndiyo yokha ili nayo mbali ino. America ili ndi kampu pa chilumba cha Diego Garcia pakatikati pa nyanjayi, ina ku Bahrain, ndipo ku Djibouti komweko ili ndi ina yotchedwa Camp Lemonnier. India nayonso pano ndi pakhomo pake, anthu amaiwala zimenezo.

NaPhiri: Nanga akandiuza za Hambantota? Amaikonda kwambiri nkhani imeneyo.

aGondwe: Limenelo ndi doko la malonda ku Sri Lanka, kampani ya ku China inalitenga pa lendi ya zaka 99 mu 2017. Kumwetsa mafuta pa nthawi ya mtendere ndi kwina, kusunga zipolopolo ndi kukonza sitima yobowoka pa nthawi ya nkhondo ndi kwinanso. Mwini dziko akhoza kukana.

Chisale wamng'ono, Hillbrow: Pepani akuluakulu, ndikuona ngati mukuichepetsa mopyola muyezo. Mu 2012 China inali ndi sitima imodzi yokha yonyamula ndege, Liaoning, yomwenso inagulidwa yosamalizidwa ku Ukraine. Kenako inamanga yokha Shandong, yomwe inayamba ntchito mu 2019, ndiye Fujian yoponya ndege ndi mphamvu ya maginito. Mu February 2025 sitima zake zinakawombera zoyeserera ku Tasman Sea, pakati pa Australia ndi New Zealand, mpaka ndege zonyamula anthu kusintha njira. Tikangoti alibe mphamvu, omvera atiseka.

aBanda: Wanena bwino mphwanga, liwiro lawo pomanga sitima palibe akulifika. Koma onjezerapo izi. Zonyamula ndege zitatu zonsezo zimayendera mafuta, pomwe 11 za America ndi za nyukiliya, sizisowa kumwetsedwa pafupipafupi. Liaoning ndi Shandong zimanyamutsa ndege pokwezeka chakutsogolo, ndiye ndege siinganyamuke itadzaza mafuta ndi zida zonse. Ndipo sitima imamangidwa msanga kuposa woyendetsa ndege wodziwa kutera pa sitima usiku nyanja itakalipa. Nkhondo yaikulu yomaliza imene China inamenya ndi ya Vietnam mu 1979, yapamtundanso.

NaPhiri: Ndiye ndalemba chonchi: "China ili ndi sitima zankhondo zambiri kuposa dziko lililonse, ndipo tsopano zimafika mpaka ku Durban. Koma kufika ndi kwina, kukhalitsa ndi kumenyera nkhondo kutali ndi kwawo ndi kwina." Ikumveka?

aGondwe: Ikumveka. Djibouti ibwere pompo m'chiganizo chotsatira, omvera asadikire. Mayina a sitima zitatu za ku Mosi II aja achotseni ngati nthawi yachepa, pa wailesi amangopunthwitsa lilime.

Chisale wamng'ono: Koma za Tasman Sea musazisiye amayi, ndapota nanu.

NaPhiri: Zilowa kumapeto, ndili ndi mphindi zinayi zokha. ABanda, nditumizireni ku inbox tsamba la lipoti lija pomwe pali 370, mkonzi sakhulupirira chinthu asanachione ndi maso.