Kodi ndagula maple weniweni kapena limanda?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Nchalo, ndipo mwezi watha ndili ku Blantyre ndinagula kamtengo ka masamba ofiira kwa munthu wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Iye anati ndi maple wa ku Japan, mtundu wa Bloodgood. Ndinalipira ndalama yambiri ndithu, mkazi wanga sindinamuuze mtengo wake mpaka lero.

Apongozi atabwera kudzacheza anangothyola tsamba limodzi, kulilawa, n'kuseka. Akuti ndi limanda, ndiwo yowawasa ija. Ine ndinakana, koma mtima sukukhazikika.

Zomwe ndikudziwa n'zakuti maple wa ku Japan, Acer palmatum, masamba ake amatuluka awiriawiri moyang'anizana pa nthambi, ndipo mbewu zake zimakhala ziwiri zogwirana, zamapiko. Bloodgood amakhala wofiira moderako, Sango-kaku amadziwika ndi khungwa lofiirira, pomwe Dissectum masamba ake ndi ong'ambikang'ambika ngati nthenga. Wanga uyu masamba akutuluka limodzilimodzi mosinthana, tsinde lake ndi lofewa, ndipo akukula mofulumira modabwitsa. Kodi pali maple wotere?

Funso lina: tinene kuti ndi weniweni, angapirire kuno? Mitengo imeneyi imafuna nyengo yozizira kuti iyoyole masamba ndi kupuma, pomwe kuno Okutobala ndi Novembala dzuwa limafika madigiri 40. Ndamuika pansi pa mtengo wa mango. Alipo amene anadzalapo ku Chikwawa kapena ku Nsanje? Kapena ndiwapatse achemwali anga okhala ku Thyolo?