Makalata a pa imelo a nkhani za makompyuta: ndisunge ati, ndisiye ati?

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Moni nonse. Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Bembeke, m'boma la Dedza, ndipo anandipatsanso udindo woyang'anira chipinda cha makompyuta chifukwa aphunzitsi anzanga onse anakana. M'chipindamo muli makompyuta 12, onse akale, ndipo likawonongeka limodzi aliyense amayang'ana ine, ngakhale kuti za makompyuta sindinaziphunzire ku koleji.

Chaka chatha ndinaganiza zodziphunzitsa ndekha. Paliponse pamene ndinalonjezedwa malangizo aulere a makompyuta kapena nkhani za luso lamakono, ndinkalembetsa imelo yanga mosaganizira kawiri. Lero ndili ndi makalata oposa 1,800 amene sindinawatsegule, ndipo sabata yatha uthenga wofunika wokhudza mayeso unakwiririka pakati pawo mpaka ndinauona patapita masiku anayi. Kwathu netiweki imagwira bwino pokhapokha ndikaima pafupi ndi mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba, ndipo m'nyengo yozizira ino munthu sangaime pamenepo kwa ola lathunthu akuwerenga za mafoni amene sadzawagula.

Ndikufuna zinthu ziwiri: malangizo ondithandiza kusamalira makompyuta a pasukulu, ndiponso nkhani zochepa zodalirika zoti ndizikambirana ndi ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4. Kodi inu mumalandira makalata ati, ndipo munawasankha motani?

Wokonza Makompyuta, Lizulu

Aphunzitsi, zimene zakuchitikiranizo zinandichitikiranso pamene ndinkatsegula kashopu kanga ka fotokope ndi kukonza makompyuta pano pa Lizulu. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Choyamba dziwani kuti malangizo ndi nkhani ndi zinthu zosiyana, ndipo kalata imene imachita bwino chimodzi kawirikawiri imalephera chinacho. Ine ndinena za malangizo okha chifukwa ndiwo amandidyetsa.

Kalata imene ndakhala nayo nthawi yaitali ndi ya Ask Leo!, yolembedwa ndi Leo Notenboom, yemwe anagwira ntchito ku Microsoft zaka 18 asanayambe kuyankha mafunso a anthu wamba m'chaka cha 2003. Imabwera kamodzi pa sabata. Chimene ndimaikondera n'chakuti amatenga funso limodzi la munthu wosadziwa zambiri, monga chifukwa chimene kompyuta ikuchedwera kuyaka kapena mmene mungasungire mafayilo anu pamalo awiri, n'kulifotokoza pang'onopang'ono m'Chingerezi chosavuta. Nkhani yosunga mafayilo pamalo awiri amaibwereza mpaka kutopetsa, koma tsiku lina mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere anabwera ndi laputopu imene hadi disiki yake inali itafa, muli ndandanda ya onse amene anamukongola chaka chonse, ndipo sindinathe kupulumutsa kanthu. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudandaula za kubwerezako.

Ina ndi ya How-To Geek, imene inayamba mu 2006. Malangizo ake ndi ambiri ndipo amakhudza Windows, Android, Linux (pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) ndi zina, koma makalata ake amabwera pafupipafupi ndipo mbali ina imakhala yolimbikitsa kugula zipangizo za mitengo ya madola. Kwa inu ndinganene kuti musailembetse, koma mukakhala ndi vuto muzikafufuza yankho pa tsamba lawo.

Muyeso wanga ndi uwu: pakatha mwezi, ndimadzifunsa ngati pali chinthu chimodzi chimene ndachita ndi manja anga pa kompyuta chifukwa cha kalatayo. Ngati palibe, ndimaisiya, ngakhale ikhale yotchuka motani. Kalata yabwino ya malangizo iyenera kukhala kuti inakuuzani nthawi isanakwane kuti Microsoft ikusiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiponso kuti Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kamene makompyuta ambiri akale alibe. Ndikuganiza kuti 12 anuwo ali m'gulu limeneli. Iyeneranso kukukumbutsani kuti Microsoft imatulutsa zokonza zachitetezo Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, kuti muzidziwa sabata yoyenera kusungira bandulo.

Mayi wa Zowerengera, Ntcheu Boma

Bambo a ku Lizulu anena zomveka, koma ine nkhawa yanga ili pa mmene aphunzitsi analembetsera. Munthu akapereka imelo yake paliponse, si onse amene amaisunga mwaulemu, ndipo pa makalata 1,800 amenewo n'kutheka kuti ena ndi ochokera kwa anthu amene simunawapatse n'komwe adiresi yanu. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Ntcheu, ndipo mnzanga wa muofesi analandira kalata yooneka ngati ya malangizo a makompyuta, yonena kuti pulogalamu yake yoteteza ku mavairasi yatha ndipo adine linki kuti aikonzenso. Anadina, nalemba pasiwedi ya imelo yake, ndipo pofika madzulo anzake onse anali atalandira uthenga wopempha ndalama m'dzina lake.

Choncho, aphunzitsi, musadine mawu akuti Unsubscribe pa kalata iliyonse mwachisawawa. Ngati kalatayo mukuikumbukira kuti munailembetsa nokha ndipo adiresi ya wotumiza ikugwirizana ndi dzina la kampaniyo, dinani, ndipo makampani oona amakuchotsani. Ku America lamulo la CAN-SPAM la 2003 limawakakamiza kutero pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Koma ngati simukumudziwa wotumizayo, kudina kumangomutsimikizira kuti adiresi yanu ndi yamoyo. Yotereyo muiike m'gulu la Spam osaitsegula.

Pa za chitetezo ndimalandira makalata awiri. Yoyamba ndi OUCH!, yotulutsidwa ndi bungwe la SANS kamodzi pa mwezi. Ndi yaulere, ndi yaifupi, ndipo imalembedwera anthu wamba: mutu umodzi pa mwezi, monga mapasiwedi, mauthenga achinyengo kapena kuteteza foni. Imeneyi mungathe kuisindikiza n'kuimata pakhoma la chipinda chanu cha makompyuta, ndipo zambiri zimene imanena zimagwirizana ndi mauthenga aja amene tonse timalandira pafoni akuti ndakutumizirani ndalama molakwitsa, mundibwezere. Yachiwiri ndi Crypto-Gram ya Bruce Schneier, imene yakhala ikutuluka pa 15 mwezi uliwonse kuyambira 1998. Iyi ndi yolemera, ndipo ndikuvomereza kuti nthawi zambiri ndimawerenga theka lokha. Sindikukulangizani kuti muyambire pa imeneyi.

Ndikupemphaninso kuti mupatule imelo ya ntchito ndi imelo ya makalata oterewa. Kutsegula adiresi yachiwiri ya Gmail n'kwaulere, ndipo kumathandizanso pa malo, chifukwa 15 GB imene Google imapereka mwaulere imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Ngati simukufuna kusunga mapasiwedi awiri, pali njira ina: pa Gmail mukhoza kuwonjezera chizindikiro cha + ndi liwu lina lililonse pambuyo pa dzina lanu chisanafike chizindikiro cha @, ndipo makalata adzafikabe kwa inu. Mukamapatsa wotumiza aliyense liwu lakelake, tsiku limene mudzalandire kalata yachilendo pa liwu limenelo mudzadziwa amene anagulitsa adiresi yanu. Lowaninso pa Have I Been Pwned, tsamba limene Troy Hunt anakhazikitsa mu 2013, mulembepo imelo yanu kuti muone ngati ili m'gulu la maadiresi amene anabedwa ku makampani osiyanasiyana.

Wophunzira wa ICT, kwawo ku Linthipe

Ndikupempha kusiyana pang'ono ndi bambo a ku Lizulu pa muyeso wawo. Kufunsa ngati mwachita kanthu ndi manja kumagwira ntchito pa malangizo, koma aphunzitsi apemphanso nkhani za ophunzira, ndipo nkhani siyesedwa motero. Kwa ine funso ndi lakuti, kodi mwana wa Fomu 3 wa ku Bembeke adziona m'nkhaniyo?

Makalata ambiri otchuka amalembedwera munthu wokhala ku America, amene magetsi sazima kwawo ndipo sawerengera ma MB. TLDR, mwachitsanzo, ndimailandira ndipo ndi yabwino pa kufupikitsa: nkhani iliyonse ndi ziganizo zochepa ndi linki, ndipo imabwera masiku ogwira ntchito. Koma zambiri ndi za makampani akuluakulu a ku America ndi za olemba mapulogalamu. The Download ya MIT Technology Review ndi yozama kuposa pamenepo, koma nkhani zina mukadina zimafuna kuti mulipire.

Zimene ndingasankhire kalasi ndi ziwiri. Rest of World, imene inayamba mu 2020, imalemba dala za mmene luso lamakono likukhudzira anthu a ku Africa, Asia ndi Latin America: oyendetsa njinga zamoto amene amapeza makasitomala pafoni, amalonda a pamsika, ogwira ntchito za pa intaneti. TechCabal ya ku Lagos, imene inayamba mu 2013, ili ndi kalata yotchedwa TC Daily yonena za makampani a zamafoni, kutumiza ndalama pafoni ndi malamulo a maboma m'maiko a mu Africa. Imakonda kwambiri Nigeria, Kenya ndi South Africa, ndipo dzina la Malawi simudzaliona kawirikawiri, koma mwana amene mayi ake amalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money amamva msanga nkhani ya M-Pesa, njira ya ku Kenya yotumizira ndalama pafoni, kusiyana ndi nkhani ya galimoto zodziyendetsa zokha. Za kwathu kuno, monga zolengeza za MACRA kapena lamulo loteteza uthenga wa anthu la Data Protection Act la 2024, ine ndimazipeza m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo ndi bwino kuziphatikiza ndi zimene mwawerenga m'makalatawo.

Pa za bandulo, zithunzi ndizo zimadya kwambiri. Mu Gmail pitani pa Settings, mupeze pamene palembedwa Images, musankhe Ask before displaying external images. Mukatero mawu okha ndiwo azitseguka, zithunzi zizidikira chilolezo chanu. Izi zimalepheretsanso tizithunzi tosaoneka timene otumiza amaika m'kalata kuti adziwe ngati mwaitsegula. Ndipo popeza pulogalamu ya Gmail ya pafoni imasunga makalata amene yalandira kale, mukhoza kuima pa mtengo wa pichesi uja mphindi ziwiri zokha, makalata alowe, n'kukawerengera m'nyumba.

Wokonza Makompyuta, Lizulu

Achimwene a ku Linthipe, pa nkhani za ophunzira ndavomera, muyeso wanga sufikako. Koma TC Daily imabwera pafupifupi tsiku lililonse logwira ntchito, kutanthauza makalata 20 kapena kuposerapo pa mwezi, ndipo munthu amene ali ndi makope a masamu oti achonge sangawamalize. Mulu uja uyambiranso. Aphunzitsi akaisankha, aziwerenga ya tsiku limodzi lokha pa sabata, zotsalazo azifufuta osadziimba mlandu.

Mphunzitsi wa ku Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo madzulo magetsi anazima, choncho ndinakhala pansi ndi foni n'kuyamba kuyang'ana otumiza mmodzimmodzi m'malo mowerenga makalatawo. Ndinapeza otumiza 31. Mwa iwo, 19 ndinawakumbukira ndipo ndinadzichotsa, ndipo 12 otsalawo sindikuwadziwa n'komwe, choncho ndinatsatira malangizo a mayi a ku Ntcheu n'kuwaika ku Spam osadina kalikonse. Pa Have I Been Pwned imelo yanga yapezeka kawiri, ndipo pasiwedi ndasintha usiku womwewo.

Ndatsegula adiresi yatsopano n'kulembetsa atatu okha: Ask Leo!, OUCH! ndi Rest of World. TC Daily ndiidikiritsa kaye mpaka mayeso a teremu ino atatha, pamene ndidzaone ngati ndingakwanitse njira ya tsiku limodzi pa sabata.

Bambo a ku Lizulu, munalondola za makompyuta athu. Ndayang'ana atatu m'mawa uno ndipo onse ali pa Windows 10, ndipo pulogalamu yoyezera ya Microsoft yanena kuti sangalandire Windows 11. Ndidzadutsa pa Lizulu Loweruka popita ku Ntcheu, ndipo ndidzatenga limodzi mwa iwo pa minibasi kuti mudzalione, tikambirane ngati kuikamo Linux kungathandize kapena ayi.