Bokosi la summing likuchita clip, ndikatsitsa ma fader kukubwera hiss

Wa ku Area 25: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Bokosi la passive summing (lophatikiza ma channel ndi ma resistor okha, losalumikiza ku magetsi), ma channel 16, 8 kumanzere 8 kumanja, ma resistor a 10k pa hot ndi pa cold (mawaya awiri onyamula signal). Signal ikuchoka mu interface (chotulutsira ndi kulowetsera mawu mu kompyuta) pa pulagi ya DB25, kulowa m'bokosi, ma mic pre awiri (zokwezera signal ya maikolofoni), n'kubwerera mu DAW (pulogalamu yosakanizira nyimbo pa kompyuta). Gain ya pre ili pansi penipeni koma kick ikangogunda, nyali yofiira ya clip ikuyaka, signal yapyola muyezo. Ndikatsitsa ma fader ndi 20 dB n'kukweza pre, hiss (phokoso la sss) ikuchita kumveka poyera. Pansi pake pakumvekanso hum (kulira kwa mmm). Mwini nyimbo akufuna mix Lachisanu.

Mkulu wa ku Ndirande: Achimwene, shunt munaika? Simunaitchule. Pamafunika resistor pakati pa hot ndi cold pa bus iliyonse. Ma channel 8 a 20k (10k ya hot ndi 10k ya cold) akakumana amapanga 2.5k. Mukaikapo 220 ohms, pre imaona pafupifupi 200 ohms, zomwe imayembekezera kwa maikolofoni, ndipo signal imagwa ndi 40 dB. Popanda shunt, pa pre ya 2k, imangogwa ndi 25 dB kapena chapompo, n'chifukwa chake yanu ikutsamwa. Ikani metal film ya 1%, bwezerani ma fader m'mwamba, pre ikwezeni kufika 40 dB. Hiss ija mukudzipangira nokha: mwachepetsa nyimbo koma phokoso la converter ya mu interface lili pomwepo, ndiye mukukweza zonse pamodzi.

Wa ku Chipata: Kuvutikiranji? DAW ikuphatikiza pa 32-bit float, siyichita clip mkati. Resistor ilibe kukoma kulikonse. Chimene mukumvacho ndi pre. Dutsitsani stereo mix mu pre yomweyo, nkhani yatha.

Mayi wa ku Zomba: Musanagwire china chilichonse onani 48V, magetsi a phantom amene pre imatumiza ku maikolofoni. Phantom ikakhala yoyaka pa pre imabwerera kudzera m'ma resistor mpaka ku ma output a interface, ndipo si onse amene amapirira. Zimitsani, matanipo tepi pa batanilo. Onaninso kuti track yobwererayo siyikutulukiranso ku output yopita m'bokosi. Feedback yake imaotcha ma tweeter munthu asanafike pa volume.

Mkulu wa ku Ndirande: Zoona mayi. Mukatha kuwotcherera, tumizani tone ya 1 kHz pa -18 dBFS pa channel 1, sinthani pre mpaka ibwerere -18. Chimodzimodzi channel 2, ya mbali inayo. Zikasiyana ngakhale ndi theka la dB, mawu a woimba amapendekera mbali imodzi. Yesaninso ma channel onse mmodzimmodzi, pena waya wa cold amakhala sanagwire ndipo channel imeneyo imatsika. Komanso musaiwale kuti tone ndi imodzi, nyimbo ndi ma stem 8 (magulu a zoimbira) mbali iliyonse. Zosiyanasiyana zikakumana level imakwera ndi 9 dB, zikagunda mofanana ndendende imatha kufika 18. Mukayamba mix bwezani pre pang'ono mbali zonse mofanana, peak izithera cha pa -6.

Wa ku Chipata: Pangani null test. Tulutsani mix ya mkati mwa DAW ndi mix yodutsa m'bokosi, level yofanana, tembenuzani phase ya imodzi n'kuziseweretsa pamodzi. Chotsalacho ndi pre ndi converter basi.

Mayi wa ku Zomba: Funso silinali limenelo bambo. Za hum: ngati ili pa 50 Hz mwina ndi ground loop, zida zikufika ku earth kudzera njira zingapo. Interface, pre ndi kompyuta zidye pa extension imodzi. Ikapitirira, dulani shield pa pin 1 mbali imodzi yokha ya XLR yopita ku pre. Earth ya pulagi musadule, zivute zitani, imeneyo ndi yoteteza moyo. Waya wochoka m'bokosi akhale wamfupi, asayandikane ndi adapter, chifukwa chilichonse chimene watola chikwezedwa ndi 40 dB.

Wa ku Area 25: Shunt mulibedi. 220 ndilibe, ndili ndi 470 zambiri. Ziwiri parallel zitheka?

Mkulu wa ku Ndirande: Zikupatsani 235, palibe vuto. Muziyeze ndi multimeter kuti kumanzere ndi kumanja zifanane.

Wa ku Chipata: Ndipo mwini nyimbo akadzati kwezani bass mwezi wamawa, knob ya pre mudzaibwezera bwanji pamalo pomwe inali?

Mayi wa ku Zomba: Tone ija ndi ya chimenecho. Isungeni mu session momwemo. Za hum ija, ngati mumagwiritsa ntchito inverter, kodi ndi pure sine kapena modified?